Tisanafunse za ndalama, tifunse kumene mwana akugona

M'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi mpaka ku Salima ndi Nkhotakota, ndi mabanja owerengeka okha amene alibe mwana, mkamwini kapena mdzukulu amene ali kutali kukasaka moyo. Ena ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena ali pa sukulu ku Zomba, ndipo ochuluka ali ku Joni. Foni ikalira madzulo, mafunso athu amakhala odziwikiratu: ntchito yapezeka kodi, ndalama ya feteleza ibwera liti, malata a nyumba tigula mwezi uno kapena wamawa. Funso limene limasowa pakamwa pathu ndi lakuti: mwanangu, ukugona pati, ndipo ukugona ndi yani? Tsamba lino likuona kuti funso limeneli liyenera kutsogola, chifukwa moyo, ulemu ndi chipembedzo cha mwanayo zimasungika kapena kuonongeka m'chipinda chimene amagonamo.

Choona chake n'chakuti ana athu ambiri sagona okha. Amasonkherana lendi ya chipinda chimodzi anthu atatu, anayi kapena kuposerapo. Masana matiresi amaimikidwa kukhoma kuti papezeke popita, usiku amayalidwa pansi mpaka pakhomo. Mphika ndi umodzi, ndowa yosambira ndi imodzi, ndipo chimbudzi amagwiritsa ntchito limodzi ndi anthu a zipinda zina. Ambiri mwa iwo safotokoza zimenezi kumudzi chifukwa cha manyazi, poopa kuti makolo angaone ngati ulendo wawo sunaphule kanthu.

Manyazi amenewo ndi osafunika. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti dziko lino linali ndi anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 16 mwa anthu 100 aliwonse ankakhala m'matauni. Chiwerengero cha okhala m'tauni chikukwera, koma nyumba zabwino zotsika mtengo sizikumangidwa pa liwiro lomwelo. Mphamvu ya kwacha itachepetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi chakudya inakwera, ndipo eni nyumba ambiri anakwezanso lendi. Mnyamata wogulitsa m'golosale ku Limbe kapena mtsikana wophunzira amene akukhala ku Chikanda sangathe kulipira yekha nyumba, n'kudya, n'kutumizanso kangachepe kwa amayi ake. Akagawana lendi ndi anzake atatu, mtolo umene ukanamuthyola khosi umasanduka gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo chotsalacho ndicho chimafika kumudzi. Akulu ananena kale kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo m'tauni mawu amenewa amakwaniritsidwa tsiku lililonse lolipira lendi.

Kukhala pamodzi si chinthu chachilendo kwa ife. Ambiri amene tili ndi imvi lero tinakulira m'gowelo, tikufunda bulangete limodzi ndi abale ndi anzathu. Asodzi akapita kutali kukatsata usipa amamanga msasa umodzi, amaphika nsima imodzi, ndipo amadziwa kuti amene wadwala sasiyidwa yekha pamchenga. Enafe tinaphunzira Qur'an tikugona pakhomo pa shehe, ana a midzi yosiyana, tikutunga madzi ndi kutola nkhuni mosinthana. M'malo onsewo munali lamulo, ngakhale losalembedwa, ndipo munali wamkulu amene mawu ake ankamveka. Chimene chasintha ndi chakuti lero ana athu akukhala pamodzi kutali ndi maso a akulu, m'nyumba za eni, ndiponso ndi anthu amene sanakulire nawo limodzi.

Mbiri ya Chisilamu nayo inayambira m'nyumba zogawana. M'chaka cha 622, Asilamu a ku Makka atasamukira ku Madina anafika opanda nyumba ndi minda, ndipo eni mzinda, amene timawatcha Answari, anawalandira m'makomo mwawo. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anakhala pafupifupi miyezi isanu ndi iwiri m'nyumba ya Abu Ayyub al-Ansari, imene inali yosanjikiza. Poyamba Mtumiki anasankha kukhala pansi kuti alendo ake asamavutike, ndipo mwini nyumba ndi mkazi wake anali pamwamba. Olemba mbiri amasimba kuti tsiku lina mtsuko wa madzi unasweka pamwambapo, ndipo banjalo linapukuta madziwo ndi chofunda chawo poopa kuti angadonthere mlendo amene anali pansi. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba yogawana akudziwa kuti mtendere wa m'menemo umadalira tinthu ngati timeneti. Kumbuyo kwa mzikiti wa Mtumiki kunalinso khumbi lotchedwa Suffa, kumene osauka ndi opanda mabanja ankagona ndi kudyera pamodzi, ndipo m'gulu limenelo munali Abu Huraira, amene anasunga mahadisi ochuluka zedi. Umphawi wa malo ogona sunamulepheretse kukhala mphunzitsi wa mibadwo.

Koma kuyamikira kukhala pamodzi popanda kunena za ngozi zake kungakhale kunamiza owerenga. M'bandakucha wa pa 31 Ogasiti 2023, moto unabuka m'nyumba yosanjikiza kasanu yotchedwa Usindiso, mu msewu wa Albert ku Marshalltown, pakati pa mzinda wa Johannesburg. Anthu 76 anafa, kuphatikizapo ana, ndipo pakati pa akufa ndi ovulala panali Amalawi anzathu. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda. Kale, m'nthawi ya tsankho, inali ofesi ya ziphaso za anthu akuda, kenako inakhala malo osungirako amayi ndi ana ozunzidwa, ndipo pomaliza inagwa m'manja mwa anthu amene ankatolera lendi popanda chilolezo. M'kati mwake munali mutadulidwa tizipinda tambirimbiri ta matabwa ndi zinthu zina zosachedwa kuyaka, ndipo njira zothawira zinali zotsekeka. Bungwe lofufuza limene linatsogoleredwa ndi woweruza wopuma Sisi Khampepe linanena mu Meyi 2024 kuti akuluakulu a mzinda ankadziwa kuopsa kwa nyumbayo koma sanachite zimene malamulo amafuna.

Anthu a ku Usindiso nawonso ankagawana denga pofuna kupulumutsa ndalama. Sanali opusa, sanali aulesi. Anali osauka amene anapeza pogona pamene thumba lawo linafikira. Agogo athu amene ankapita ku migodi kudzera ku Wenela ankagona mothithikana m'makomboni a kampani, kutali ndi akazi ndi ana awo, ndipo moyo umenewo unali wowawa. Komabe pogona ankachita kupatsidwa. Mnyamata wa lero amatsika basi ku Johannesburg ali ndi nambala ya foni ya msuweni wake yokha, ndipo amagona paliponse pamene msuweniyo wamupezera. Choncho kusiyana kwa nyumba ya Abu Ayyub ndi nyumba ya Usindiso sikuli pa kuchuluka kwa anthu okha. Ina inali ndi mwini wodziwika, ulemu ndi dongosolo, pamene inayo inali ndi otolera ndalama okha. Tikufuna kutchula zinthu zinayi zimene zimasandutsa chipinda chogawana kukhala khomo, zimene kholo lililonse lingathe kufunsa pafoni.

Choyamba ndi potulukira. Asanafunse mtengo, wofuna chipinda ayang'ane kuti moto utabuka usiku athawira pati. Kodi geti limakhomedwa ndi loko, ndipo kiyi amasunga ndani? Kodi mawindo ali ndi zitsulo zosatsegulika? Kodi magetsi ndi olumikizidwa mwalamulo kapena ndi mawaya obedwa olendewera m'makonde? Kodi makoma olekanitsa zipinda ndi a njerwa, kapena ndi a matabwa ndi makatoni? Bukhari ndi Muslim anasunga nkhani ya nyumba ina imene inapsa usiku ku Madina eni ake ali momwemo, ndipo Mtumiki atamva analangiza kuti moto uzizimitsidwa anthu asanagone, poti ndi mdani wa munthu. Langizo limeneli likukhudza kandulo, sitovu ya palafini ndi botolo la gasi la masiku ano. Likukhudzanso mbaula imene ena amalowetsa m'chipinda m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye atatseka zitseko ndi mawindo: makala oyaka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Kuyedzamira kwa Allah sikutanthauza kugona pafupi ndi moto n'kumati zonse n'zolembedwa.

Chachiwiri ndi cholembera ndi kope. Milandu yambiri ya okhala pamodzi imene imafika kwa ife mashehe ndi ya ndalama: wina analipira lendi miyezi iwiri mnzake asanapeze ntchito, wina anagula mayunitsi a magetsi katatu motsatizana, wina anachoka usiku ndi dipoziti ya onse. Nthawi zambiri palibe amene ananama mwadala. Aliyense amakumbukira mbali imene ikumukomera. Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni, ndipo sikupatula abale kapena anthu a mudzi umodzi. Choncho okhala pamodzi asanalowe m'chipinda agwirizane, n'kulemba, kuti lendi igawidwa motani, tsiku lolipira ndi liti, madzi ndi magetsi alipira bwanji, wofuna kuchoka achenjeze anzake masiku angati, ndipo amene ntchito yamuthera adikiridwa kwa nthawi yotalika bwanji. Kwa amene ali ku South Africa, n'kofunika kudziwa kuti lamulo la m'dzikomo lokhudza nyumba za lendi, la mu 1999, limalamula mwini nyumba kupereka lisiti pa ndalama iliyonse imene walandira, komanso kulemba mgwirizano ngati wochita lendi wapempha. Munthu amene amatolera lendi koma n'kumakana kupereka lisiti kapena kutchula mwini nyumba weniweni akukuuzani kale mtundu wa malo amene mukulowamo.

Kulemba sikuchotsa chifundo. Mtumiki anayamikira kwambiri anthu a fuko la Ash'ari chifukwa chakudya chikawachepera ankasonkhanitsa zonse zimene ali nazo pa nsalu imodzi n'kugawana mofanana. Chipinda chimene onse amadyera mphika umodzi chimawononga ndalama zochepa kuposa chimene aliyense amaphika kake, ndipo wodwala kapena wosowa ganyu sagona ndi njala. Komabe wolandiridwa akumbukire chitsanzo cha Abdur-Rahman ibn Auf, amene m'bale wake wa ku Madina, Sa'd ibn ar-Rabi, anafuna kumugawira theka la chuma chake, koma iye anathokoza n'kupempha kuti amusonyeze njira ya kumsika. Mlendo amene watha miyezi akudya thukuta la anzake, osasaka ntchito, osasesa ngakhale m'chipinda, amaphetsa mtima wolandira alendo, ndipo amene amavutika ndi wobwera pambuyo pake.

Chachitatu ndi ulemu wa thupi ndi chinsinsi cha munthu. Umphawi umachepetsa malo, koma suchotsa malire amene Allah anaika. Surah An-Nur ikuphunzitsa kupempha chilolezo ndi kupereka salamu tisanalowe m'nyumba za ena, ndipo pa ndime 58 ikutchula nthawi zitatu zimene ngakhale ana a m'nyumba momwemo ayenera kuodira: isanakwane swala ya m'bandakucha, masana pamene anthu amavula kuti apume, ndi pambuyo pa swala ya usiku. Ngati lamuloli likugwira ntchito pakati pa kholo ndi mwana, kuli bwanji pakati pa anthu amene anakumana chifukwa cha lendi? Surah Al-Hujurat nayo ikuletsa kufufuza zinsinsi za anzathu ndi miseche. Wokhala nawe chipinda amadziwa mmene umagonera, ngongole zako, matenda ako ndi mikangano ya banja lako imene amaimva pafoni. Zonsezo ndi amana, chinthu chosungitsidwa, ndipo siziyenera kufika kumudzi kudzera pa WhatsApp. Foni ya mnzako, chikwama chake ndi sopo wake sizikhala zako chifukwa chakuti mukugona pamodzi.

Pa mfundo yomweyi tinene mosabisa kuti mwamuna ndi mkazi amene sali pabanja, ndiponso si abale oletsedwa kukwatirana, asagawane chipinda, ngakhale lendi itakwera motani. Atsikana athu amene akupita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito apezeredwe malo ndi akazi anzawo, pakhomo pamene chitseko chimakhomeka m'kati ndipo bafa lili ndi chotseka. Mabanja awiri amene amalekanitsidwa ndi nsalu yokha m'chipinda chimodzi aone kukhala kwawoko ngati kongodikirira, ndipo cholinga chawo choyamba posunga ndalama chikhale kupeza chitseko chawochawo. Kumene kuli ana, makolo adziwe munthu aliyense wolowa ndi wotuluka, chifukwa ana ambiri amene amachitidwa zoipa amachitidwa ndi munthu wodziwika pakhomo.

Chachinayi ndi munthu amene ukukhala naye. Chipinda chimaphunzitsa kuposa madrasa, chifukwa ku madrasa mwana amakhalako maola ochepa pamene m'chipinda amakhalamo usiku uliwonse. Taona anyamata amene anachoka kuno ali ofooka pa swala koma anabwerera olimba, chifukwa m'chipinda mwawo munali mmodzi wodzutsa anzake m'bandakucha. Taonanso ena amene anachoka ali aulemu n'kubwerera atamangidwa ndi chamba ndi juga. Sitikunena kuti Msilamu azikhala ndi Asilamu okhaokha. Ufulu wa woyandikana naye nyumba suyang'ana chipembedzo, ndipo ana athu ambiri akukhala mwamtendere ndi Akhristu amene amalemekeza nthawi ya swala ndi mwezi wa Ramadhani kuposa Asilamu ena. Chofunika ndi kukambirana poyera tsiku loyamba: zimene sizilowa mu mphika, zimene sizilowa m'chipinda, ngodya yoswalira, nthawi yozimitsa wailesi, ndi alendo amene angaloledwe kugona. Msilamu nayenso alemekeze tulo ndi mapemphero a mnzakeyo, asamakweze mawu a foni m'bandakucha n'kumati ndi ibada.

Wina anganene kuti mawu onsewa ndi a munthu wokhuta, poti wosauka sasankha pogona, ndipo amene alibe mapepala m'dziko la eni sangapite kukadandaula kulikonse. Pali choonadi pamenepo, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi sitingaisiye m'manja mwa achinyamata okha. Asilamu akale anali ndi yankho lotchedwa waqf, kutanthauza chuma chopatulidwa kuti phindu lake lizithandiza anthu mpaka kalekale. Ku Cairo, pafupi ndi mzikiti wa Al-Azhar, kukadali nyumba imene Sultan al-Ghuri anamangitsa cha m'ma 1504 ndi 1505: pansi panali mosungira katundu wa amalonda, pamwamba panali zipinda za lendi, ndipo ndalama zake zinkathandiza ntchito za chipembedzo. Ku Al-Azhar komweko ophunzira ochokera m'madera osiyanasiyana ankapatsidwa malo awo ogona mogwirizana ndi kumene achokera, kuti mlendo apeze anthu a chinenero chake.

Ifenso tingathe kuyamba pang'ono. Timasonkha ndalama zomangira mizikiti, ndipo ndi bwino. Koma mzere wa zipinda zisanu kapena khumi pafupi ndi mzikiti wa ku Ndirande, Bangwe kapena Chinsapo, zochititsa lendi yotsika kwa ophunzira ndi ongofika kumene, ungakhale sadaka yopitirira, ndipo lendiyo ingathandize kulipira mwalimu wa madrasa. Amalawi a ku Joni amadziwika posonkherana ndalama zonyamulira mitembo kubwerera kumudzi. Mgwirizano womwewo ungathe kusunga ndalama ya dipoziti yobwereketsa kwa ongofika, ndi kusunga mayina a nyumba zoopsa zimene munthu wathu sayenera kulowamo. N'chinthu chomvetsa chisoni kuti timagwirizana msanga pa bokosi la maliro kuposa pa chipinda cha wamoyo. Nawo eni nyumba amene ali pakati pathu aope Allah: kuika anthu khumi pa chimbudzi chimodzi chodzaza, kukweza lendi popanda chenjezo, kapena kukhoma geti usiku n'kupita ndi kiyi ndi kupondereza, ngakhale wochitayo atakhala wa mzere woyamba pa Jumu'ah.

Pomaliza tibwerere kwa inu makolo, ndi kwa inu amayi amene amuna anu ali kutali. Nthawi zina ndife amene timakankhira ana athu m'nyumba zoopsa. Tikamaumiriza ndalama mwezi ndi mwezi, tikamawayerekeza ndi mwana wa uje amene wamanga kale ya malata, mwana amachotsa pa lendi kuti atisangalatse, n'kusamukira kumene kuli kotchipa kuposa konse. Nyumba ya kumudzi ikachedwa ndi chaka chimodzi palibe chimene chatayika, koma mabanja amene analandira uthenga wa ku Marshalltown sadzaonanso ana awo. Foni ikalira madzulo ano, mufunseni kuti m'chipindamo alimo angati ndipo ndi ana a yani. Mufunseni ngati pali khomo lachiwiri, ngati amalandira lisiti, ndiponso ngati alipo womudzutsa pa swala ndi womuperekeza kuchipatala. Akayankha mozemba, muuzeni kuti mwezi uno asatumize kanthu, ndalamayo akalipirire malo abwinopo. Allah asunge ana athu kulikonse kumene agona, ndipo awapatse anzawo okhala nawo amene ali oopa Iye.